Kope limene aphunzitsi sachonga

Ndimaphunzitsa pasekondale ina yoyendera kuno ku Chikwawa, ndipo ntchito yanga yambiri ndi kuchonga makope ndi bolopeni yofiira. Koma pali kope limodzi limene ndimauza ana anga kuyambira Fomu 1 kuti akhale nalo, ndipo limenelo sindilitsegula. Ndi lolembamo za mumtima mwako, iwe mwini, popanda wokupatsa malikisi. Ambiri amayamba ndi changu, n'kusiya sabata isanathe. Ena sayamba n'komwe poopa kuti mchemwali wawo alipeza n'kukaulutsa nkhani kumjigo. Ndiye mwana wanga, tamvera mmene ungachitire kuti lako lisafere panjira.

Pa msinkhu wakowu zinthu zimabwera mothithikana. Thupi likusintha, mayeso a JCE kapena MSCE akuyandikira, kunyumba akukudikira kudimba kapena kokatola thonje, mnzako wapamtima wayamba kuyenda ndi gulu lina, wina wakufunsira chibwenzi ndipo sukudziwa choyankha. Kuno kuchigwa tilinso ndi zathu zapadera. Mwana amene ali kusekondale lero adaona madzi osefukira a 2015 ali wamng'ono, kenako anamondwe otchedwa Idai mu 2019, Ana ndi Gombe mu 2022, Freddy mu 2023. Ndili ndi ana m'kalasi amene mtambo ukangoda cha kumapiri a Thyolo, maso amakhala pawindo, zimene ndikuphunzitsa sizilowanso. Ukafunsa, yankho ndi limodzi: "Ndili bwino, madamu." Sakunama mwadala. Sadziwa poyambira.

Kulemba kumapatsa munthu poyambira pamenepo. Nkhawa ikakhala m'mutu imangozungulira, ilibe mutu ilibe mchira. Ukayilemba imakakamizika kukhala ndi mzere woyamba ndi womaliza, ndipo umayiona kukula kwake kwenikweni. Katswiri wa za maganizo wa ku America, James Pennebaker, adafalitsa mu 1986 zotsatira za kafukufuku amene adachita pa ophunzira a yunivesite ina ku Texas. Adawauza kuti alembe mphindi 15 pa tsiku, masiku anayi otsatizana, ena za chinthu chowawa chimene chidawachitikira pamodzi ndi mmene chidawakhudzira, ena za nkhani wamba. M'miyezi yotsatira, a gulu loyambalo adapita kuchipatala cha pasukulu mocheperapo kusiyana ndi anzawo. Taona kuchepa kwa nthawiyo. Palibe amene akukupempha kulemba buku.

Kope lake ndi pobisa

Usadikire ndalama yogulira dayale yachikuto cholimba. Kope wamba la pagolosale kapena pamsika wa Nchalo, Ngabu kapena Bangula likwana. Ngakhale masamba otsala m'kope la temu yatha, uwasoke ndi ulusi, basi.

Lemba ndi pensulo ngati ungathe. Inki ya zolembera zina imayenderera pepala likanyowa, pomwe pensulo imawerengeka likauma. Ulikulunge m'jumbo kapena m'pepala lapulasitiki lochokera shuga. Usaliike pansi pa mphasa kapena kulitsomeka kudenga laudzu, chiswe cha kuno sichichedwa. Nyengo ya mvula liike m'chikwama chimene mumasungamo mabuku a kuchipatala ndi ziphaso, chija mungachinyamule choyamba madzi atabwera usiku.

Za kubisa ndiye nkhani yaikulu, chifukwa ambiri mumagona atatu kapena anayi chipinda chimodzi. Chinthu chobisidwa kwambiri n'chimene chimakopa maso. Pachikuto lembapo "Masamu" kapena "Agriculture Form 2", masamba awiri oyamba ukopere notsi zenizeni, zako uyambire kumbuyo, ndipo liziyenda m'chikwama cha sukulu pamodzi ndi makope ena. Sindinaonepo mlongo wa munthu akutsegula kope la masamu mwa kufuna kwake. Mayina a anthu usalembe. Apatse ena amene ukuwadziwa wekha, wina akhale Nimu, wina Mlamba, wina Kabaza. Likagwera m'manja mwa munthu, sadziwa amene ukunena.

Foni sindiyikhulupirira pa ntchito imeneyi. Imabwerekedwa, imatha moto, imabedwa. Ndipo kulemba pa status ya WhatsApp kapena pa Facebook ndi chinthu china. Pamenepo umalembera anthu, umasankha mawu oti akumvere chisoni kapena oti wina amve kuwawa. M'kope mulibe woonera.

Nthawi yolembera usavutike nayo. Mu Okutobala ndi Novembala nyumba yamalata usiku siikhalika, kunja udzudzu, ndiye amene amati uzilemba usanagone sanagonepo ku Nsanje. Tsalira m'kalasi mphindi khumi anzako akaweruka, kapena khala pansi pa mtengo mmawa dzuwa lisanakalipe. Aliyense adzayesa ukuwerenga. Katatu pa sabata n'zokwana. Ukadumpha masabata awiri usayambe ndi kupepesa kope, ingolemba deti la tsikulo n'kupitiriza.

Zolembamo

Pamwamba deti ndi malo. Kenako chachitika n'chiyani, monga mmene ungafotokozere munthu amene panalibe. Ambiri amalekera pomwepa, ndipo kope lawo limangokhala ndandanda: ndinadzuka, ndinatunga madzi, ndinapita kusukulu. Zimenezo sizichotsa kanthu pamtima. Pita patsogolo, ulembe zimene thupi lako linamva, chifukwa thupi limadziwa msanga kuposa mutu. Kukhosi kunauma? M'mimba munatentha? Tulo tinasowa? Ukatero ulembe chimene unafuna kunena kapena kuchita koma sunathe.

Tiyerekeze mnyamata walemba chonchi:

"Lachitatu, kunyumba. Bambo andikalipira pamaso pa alendo chifukwa mbuzi zadya mapira a eni ake. Sindine ndimaweta lero. Manja amanjenjemera, nsima ndangotema kawiri. Ndimafuna kunena kuti anali mng'ono wanga, koma akanamumenya. Kukalipidwa ndinazolowera. Chandiwawa n'choti alendo aja azinditenga ngati wopusa."

Pamene amayamba kulemba ankadziwa chinthu chimodzi, kuti wakwiya ndi bambo ake. Pofika mzere womaliza wapeza kuti chamupweteka ndi manyazi, komanso kuti wateteza mng'ono wake, chinthu chimene pa nthawiyo sanachione ngati chabwino. Mzere womaliza ngati umenewu subwera ukangoganiza uli gone. Umabwera dzanja likayenda. N'chifukwa chake ndimati usasiye pamene waona ngati watha. Wonjezera mizere iwiri, iyambe ndi "Chandiwawa kwenikweni n'choti" kapena "Chimene ndikuopa n'choti".

Uziyesetsanso kutchula chimene ukumva ndi dzina lake. Ana anga amakonda kulemba kuti "zandibowa" pa chilichonse. Koma kodi ndi mkwiyo, manyazi, mantha, kaduka, kusungulumwa, chisoni, kapena kudziimba mlandu? Chilichonse chili ndi mankhwala ake. Wosungulumwa afunika kupita kwa anthu, wokwiya afunika kuyamba wachokapo pa anthu. Kaduka ndi kamene kamavuta kuvomera. Mnzako wasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, iwe watsala koyendera, wamuyamikira pakamwa koma mkati mukuwira. Lemba momwemo. Kope silikakuneneza kutchalitchi.

Chilankhulo lemba chimene chabwera. Ngati kunyumba mumalankhula Chisena kapena Chimang'anja ndipo ndi mmene umalirira, lemba momwemo, sakaniza ndi Chichewa ndi Chingerezi mmene ukufunira. Sipelo yolakwika ilibe mlandu. Ndikunena ine amene ndimadula malikisi chifukwa cha sipelo.

Anyamata, izi n'zanunso. Mudakula mukumva kuti mwamuna salira, ndipo ambiri mwa inu zikakuvutani mumangokhala duu, kenako timamva kuti mwamenyana kumpira kapena mwayamba kachasu. M'kope simulira pamaso pa munthu.

Pali zina zimene sizilembeka ngati nkhani ya tsiku. Amayi adamwalira iwe usanawatsanzike. Bambo adapita ku Joni, foni idasiya kulira. Nyumba imene udabadwiramo idapita ndi madzi pamodzi ndi zithunzi zonse. Zoterezi lemba ngati kalata, kalata yosatumiza: "Amayi, lero ndaphika ndekha thobwa, silinakome ngati lanu." Uwauze zonse, zokoma ndi zowawa, ngakhale zoti wawakwiyira chifukwa chokusiya. Ungathe kubwereza nkhani imodzimodziyo masiku atatu kapena anayi, ndipo udzaona kuti tsiku lililonse ikutuluka mosiyanako. Ukamaliza mwina mtima udzalemera kwa ola limodzi kapena awiri. Zimachitika, ndipo zimapita. Choncho usalembe zolemera chotere mmawa wa mayeso. Ndipo ngati wayamba kulemba n'kuona kuti mtima ukugunda kwambiri, mpweya ukubanika, zinthu zija zikubwerera ngati zikuchitika lero, tseka kope, tuluka, kakhale ndi anthu. Nkhani imeneyo nthawi yake sinakwane, kapena ikufunika munthu wokhala nawe pafupi.

Tsamba limene likukuopsa kusunga, ling'ambe, uliponye pamoto kapena m'chimbudzi. Ntchito yake idatha pamene umalemba.

Usalisandutse kope la maliro okhaokha. Tsiku limene mwadya masawu ndi anzako mpaka mano kuyayamira, tsiku limene timu yanu yawina, tsiku limene aphunzitsi awerenga chimangirizo chako kutsogolo, lembanso. Mizere itatu yokha. Udzazifuna.

Kubwerera m'mbuyo

Apa ndi pamene ambiri sadziwa kuti pali phindu. Mwezi ukatha, khala pansi uwerenge zonse kuyambira poyamba, pensulo ili m'manja, uzidula mzere pansi pa chilichonse chimene chikubwerezeka. Dzina liti likupezeka pa masamba onse amene unagona wokhumudwa? Mwina ndi mnzako amene umati ngwapamtima. Masiku amene unakangana ndi anthu, kodi si omwe unapita kusukulu osadya, kapena unagona mochedwa? Atsikana, muziika kachizindikiro pa deti limene mwayamba kusamba. Pakapita miyezi itatu mudzadziwa masiku anu, mudzakonzekeratu, ndipo ena mudzaona kuti kulira kosadziwika chifukwa kuja kumabwera masiku ochepa msambo usanayambe.

Yang'ananso masamba osangalala, uone kuti unkachita chiyani. Ana ambiri ndikawafunsa zimene akufuna kudzakhala amayankha zimene adamva: nesi, dokotala, msilikali, kapena ntchito ya kukampani ya shuga. Koma kope likhoza kukuonetsa kuti tsiku lililonse limene unalemba mokondwa unali ukukonza njinga ya amalume, kapena ukufotokozera anzako sayansi pansi pa mtengo, kapena ukuwerengera agogo ndalama za thonje. Zimenezo palibe adakuuza, zatuluka mwa iwe. Ukamadzasankha maphunziro a Fomu 3 kapena kosi ya ntchito zamanja, uli ndi poyambira.

Udzapezanso tsamba la miyezi iwiri yapitayo limene unalemba kuti moyo wako watha chifukwa wakuti wakukana kapena walephera mayeso a temu. Lero ukuliwerenga ukuseka. Lisunge tsamba limenelo, udzaliwerengenso tsiku lina zikadzathina.

Pamene kope silikwana

Kope silingaletse munthu amene akukugwira thupi mokukakamiza, kaya ndi wachibale kaya ndi mphunzitsi. Silingaletse ukwati umene akukukonzera usanakwane zaka 18, umene malamulo a dziko lino amakana. Ndipo ngati powerenga waona kuti kwa masabata awiri kapena kuposa tsamba lililonse ndi lamdima, sukudya, sukugona, zimene unkakonda sizikukomanso, kapena walembapo zofuna kudzivulaza kapena kudzipha, usadikire mwezi kutha. Uza munthu wamkulu amene umamukhulupirira lero lomwe: azakhali, aphunzitsi, amayi a mother group pasukulu panu, azaumoyo kuchipatala, kapena a Victim Support Unit kupolisi. Nambala ya 116 ndi yothandiza ana, ndipo kuimba n'kwaulere. Woyamba akapanda kukumvera, pita kwa wachiwiri. Ngati pakamwa pakulemera, kopera mizere ingapo ya m'kope pa kapepala, umupatse awerenge. Ana ena adandifikira motero, kapepala kopindapinda pa tebulo langa, ndipo tidayambira pomwepo.

Inu makolo, agogo ndi amalume amene mwawerenga mpaka pano, ndikupempheni chinthu chimodzi. Mukalipeza kopeli posesa, libwezereni pamene linali osatsegula. Ndikudziwa mtima umafuna kudziwa, makamaka mwana akayamba kukhala chete. Koma mukawerenga kamodzi n'kumufunsa za zimene mwaonamo, sadzalembanso, ndiponso sadzakuuzani kanthu. Zina mwa zimene alembamo za inu ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, umene pofika mmawa iye mwini waiwala. Ngati khalidwe lake likukudetsani nkhawa, mutengeni popita kudimba kapena kuchigayo, muli awiri, mumufunse panjira.