Kathiridwe ka feteleza pa tomato wa m'dimba la pakhomo

Tomato amafuna chakudya chambiri m'nthaka, koma zimene amafuna akadali wamng'ono n'zosiyana ndi zimene amafuna akayamba kubereka, choncho nthawi yothirira feteleza ndi yofunika kuposa kuchuluka kwake.

Kutatsala milungu iwiri kuti muwokere mbande, sakanizani dothi la m'phando lililonse ndi manja awiri a manyowa owolerana bwino, amene asiya kununkha ndipo asanduka akuda. Zitosi za nkhuku zosawolerana zimawotcha mizu yanthete. Pa tsiku lowokera, ikani supuni imodzi yodyera ya feteleza wa NPK (wokhala ndi nayitrojeni, fosiforasi ndi potaziyamu) m'phando ndipo muphimbe ndi dothi pang'ono kuti mizu isamukhudze. Fetelezayu amafunika pa nthawiyi chifukwa fosiforasi ndi amene amathandiza mizu kukhazikika msanga.

Pakatha milungu itatu, thirani supuni yaing'ono ya feteleza wa nayitrojeni, monga CAN, m'kangalande kozungulira chomera pa mtunda wa masentimita 10 kuchokera pa tsinde, kenaka kwirirani ndi kuthirira madzi. Apa ndi pamene alimi ambiri amalakwitsa. Akaona masamba akubiriwira amaganiza kuti zinthu zikuyenda bwino ndipo amawonjezeranso feteleza, koma nayitrojeni akachuluka chomera chimangotalika ndi kuchita masamba ambiri, maluwa amachedwa kapena kuyoyoka, ndipo nsabwe za m'masamba zimakonda mphukira zofewa zoterozo. Chomera chobiriwira kwambiri chimene sichikuchita maluwa sichikusowa chakudya ayi, choncho musachiwonjezerenso.

Zipatso zoyamba zikangooneka, sankhani feteleza wokhala ndi potaziyamu wambiri ndipo muzithira pang'ono milungu itatu kapena inayi iliyonse. Phulusa la nkhuni lili ndi potaziyamu, koma liwazidwe mochepa, ndipo lisasakanizidwe ndi feteleza wa yureya chifukwa nayitrojeni wa mu yureyayo amauluka.

Masamba nawo amaonetsa chimene chikusowa. A m'munsi akasanduka achikasu, kawirikawiri vuto limakhala nayitrojeni, pamene akamapsa m'mphepete amakhala akusowa potaziyamu. Chipatso chikada ndi kuwola kumunsi kwake, ndiye kuti chakudya cha m'nthaka chotchedwa kashiamu sichinafike m'chipatsomo, ndipo nthawi zambiri chimene chachititsa ndi kuthirira madzi modumphadumpha. Musanagule feteleza wina, yambani mwathirira madzi mokwanira pa masiku okhazikika ndi kuphimbira nthaka ndi udzu wouma kuti chinyontho chisathe msanga.