Kutchula Chibolinao ndi lilime la ku Ntcheu

Chibolinao chimalankhulidwa ku Bolinao ndi ku Anda, m'chigawo cha Pangasinan ku Philippines. Anzanga pano pa Ntcheu boma ndimawayambitsa ndi ng. Mutchuleni ngati wa mu "ng'ombe", osati wa mu "ngoma", ngakhale koyambirira kwa liwu. Apa ife tili ndi mwayi, azungu lilime limawapota.

Wovuta ndi e. Si wa mu "pepani" ayi: tsegulani kamwa pang'ono, lilime likhale pakati, milomo isatambasuke.

Mawu ambiri amathera pa konsonanti. Dulani pomwepo, musawonjezere i kapena u monga timachitira ndi "sukulu". Palinso kamvekero kotseka kukhosi, konga kapakati pa "a-a" tikamakana. Chizolowezi chathu chokoka silabulo yotsatana ndi yomaliza chisiyeni, chifukwa kwawoko malo otsindika amasintha tanthauzo.