Apilo pa mlandu wakupha: yambirani apa

Mayi, mwati mlongo wanu wa ku Nsanje wapezeka wolakwa pa mlandu wakupha, koma iye akuti chikalata chovomera mlandu anachidinda chala atamenyedwa. Chitani izi.

Choyamba, werengani masiku. Mlandu wakupha umazengedwa ku High Court, ndiye apilo imapita ku Supreme Court of Appeal, ndipo chidziwitso choti akufuna apilo chiperekedwe pasanathe masiku 30 chigamulo chiperekedwereni. Masikuwo akadutsa, loya amayamba wapempha bwalo kuti liwonjezere nthawi, ndipo limafuna chifukwa chomveka.

Chachiwiri, loya. Musathamangire kugulitsa ng'ombe. Pitani ku Legal Aid Bureau ku Blantyre, amathandiza osowa ndalama. Mlongo wanunso auze akuluakulu a ndende kuti akufuna apilo.

Kenako loyayo apeze chigamulo ndi zonse zomwe zinalembedwa pozenga mlandu.

Pachimake ndi apa. Gawo 42 la Malamulo Aakulu a dziko lino limaletsa kukakamiza munthu kuvomera mlandu. Komabe gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kazengedwe ka milandu ndi umboni, limalola chikalatacho kulowa mu umboni ngakhale mwini wake akuchikana. Chomwe woweruza saloledwa ndi kuchidalira asanakhutire popanda chikaiko kuti ananenadi ndi iyeyo komanso kuti zili m'menemo n'zoona. Choncho kungolira kuti "anandimenya" sikukwanira. Loya aonetse pomwe chikalatacho chikusemphana ndi lipoti la dokotala kapena mboni zina. Kodi anachilemba m'Chingerezi munthu wolankhula Chisena? Anamuwerengera asanadinde?

Buku lake la kuchipatala, ngati zilonda zinalembedwamo, likulungeni mu pepala la pulasitiki, madzi osefukira angalinyowetse.