Mmene Mungapezere Gwero la Phokoso pa Kamera ya Panja

Phokoso lomveka pa kamera ya panja limachokera m'malo atatu: pamalo pomwe kamerayo ili, m'magetsi oiyendetsa, kapena m'njira imene mawu amadutsa pofika pa foni kapena kompyuta yanu. Musanagule chipangizo chilichonse, dziwani kaye kuti lanulo likuchokera kuti, ndipo zimenezi sizilira ndalama. Tsekani kabowo ka maikolofoni ndi chala kapena ndi tepi, wina akumvetsera ali chapatali. Phokoso likachepa kwambiri, ndiye kuti limalowa ndi mpweya. Likapitirira monga kale, vuto lili m'magetsi, m'kamera momwemo kapena pa netiweki.

Magetsi ndiwo amazunguza anthu kwambiri, choncho tiyambire pamenepo. Kulira kwa besi kosasinthasintha, usana ndi usiku womwe, kawirikawiri kumachokera ku magetsi a m'nyumba, amene amasinthasintha maulendo 50 pa sekondi imodzi m'mayiko ambiri, ndi maulendo 60 ku North America. Kulira kosongoka ngati kwa udzudzu kumaloza chaja yotha kapena yosapangidwa bwino. Ngati kamera yanu imalandira mphamvu kudzera pa USB, izuleni pa soketi ndi kuilumikiza ku power bank kwa mphindi zochepa, ndipo phokoso likatha mwapeza kale wolakwa: sinthani chaja, koma yatsopanoyo ikhale ya mavolti (V) ofanana ndi olembedwa pa kamera. Onaninso pamene waya wadutsa, chifukwa waya wa maikolofoni woyenda mtunda wautali pambali pa waya wa magetsi amatola kulira kwake. Asiyanitseni, ndipo pamene akuyenera kukumana apingasane. Kamera ndi makina ojambulira zikalumikizidwa ku masoketi otalikirana, magetsi ochepa amatha kuyenda pakati pa ziwirizi kudzera m'waya wozilumikiza, n'kubweretsa kulira komweko; kuziika pa soketi imodzi kumathandiza nthawi zambiri.

Lembani nthawi imene phokoso limayamba, chifukwa nthawiyo imaulula zambiri. Kakuti khethe madzulo ndi m'bandakucha si vuto ayi, ndi kagalasi ka m'kati kamene kamasuntha kamera ikamalowa kapena kutuluka m'machitidwe a usiku. Koma kulira koyamba mdima ukagwa n'kusiya kukacha kumasonyeza kuti timagetsi ta infrared, tothandiza kamera kuona mumdima, tikayaka chaja ikulephera kukwaniritsa mphamvu yofunika.

Ngati phokoso linachepa mutatseka kabowo kaja, kayang'aneni pamalopo. Mphepo imamveka ngati mabingu a kutali, ndipo kachidutswa ka siponji kapena ka ubweya koikidwa pa kabowoko kamaichepetsa, malinga kasamwe madzi n'kuwasunga. Chinyontho, fumbi ndi tizilombo tolowa m'kabowomo zimachititsa mawu kuthetheka kapena kumveka ngati a m'madzi; pukutani ndi kaburashi kofewa, osalowetsamo singano. Pali chinthu china chimene kuyesa ndi chala kuja sikungachigwire, ndicho kunjenjemera. Pampu, makina oziziritsa mpweya kapena denga la malata zimatumiza kunjenjemera kwawo kudzera m'khoma mpaka ku kamera, motero gwirani kamerayo ndi dzanja, ndipo kulira kukasintha mangitsani zomangira ndi kuika labala pakati pa kamera ndi khoma.

Phokoso la waa ngati mvula, lokula kukakhala bata n'kuchepa munthu akayankhula, limachokera ku AGC, dongosolo limene limakweza lokha mphamvu ya maikolofoni likasowa chomva. Lizimitseni ngati n'kotheka, kapena tsitsani mphamvuyo m'masetingi. Muli momwemo onani mtundu wa mawu: G.711 imatenga mawu maulendo 8,000 pa sekondi ndipo imamveka ngati lamya yakale, pamene AAC imamveka bwino ngati kamera ikuilola.

Mawu odukaduka kapena omveka ngati a loboti amaloza Wi-Fi yofooka. Yerekezani zimene mukumva pa intaneti ndi zimene zajambulidwa pa memori khadi ya m'kamera. Za pa khadi zikakhala zoyera, kamera ilibe mlandu, sendezani rauta (kabokosi kopereka Wi-Fi) pafupi kapena kokani waya wa netiweki wa Ethernet wosapitirira mamita 100. Phokoso likakanirira kamera ili m'chipinda chabata, pa power bank, ndipo likumvekanso pa khadi, maikolofoni yeniyeniyo ndiyo yawonongeka, ndipo ngati chitsimikizo cha wogulitsa chisanathe, ibwezeni musanaitsegule.