Kusasitsa kabichi ndi masamba ena m'zotengera za pulasitiki

Kabichi, karoti ndi zitheba zikachuluka pa msika wa Bvumbwe mtengo umagwa, zotsala n'kumaolera pa mulu. Nkhwani ndi khwanya timafutsa, koma kabichi ndi karoti sizifutsika bwino, makamaka kuno ku Thyolo ndi Mulanje kumene chiperoni chimabisa dzuwa masiku angapo. Masamba otere amasungika powasasitsa ndi mchere kapena kuwaviika mu viniga. Mabotolo a galasi okula pakamwa ndi osowa, choncho pulasitiki ikhoza kugwira ntchitoyi, bola ikhale yoyenera.

Tembenuzani chotengeracho muone kunsi. Pamakhala kachizindikiro ka makona atatu kokhala ndi nambala m'kati. Nambala 2 (HDPE) ndi 5 (PP) ndiye zabwino: mchere ndi asidi sizidya pulasitiki imeneyi. Ndowa zoyera zomwe munali majarini kapena chakudya china nthawi zambiri zimakhala za mtunduwu. Nambala 1 (PET), ngati mabotolo oonekera a chiponde, imalola zozizira zokha. Mukathiramo viniga wotentha botolo limakwinyika. Nambala 3, 6 ndi 7 zisiyeni. Mukaona chithunzi cha kapu ndi foloko, ndiye kuti chinapangidwira chakudya.

Koma nambala yokha sikwanira. Zigubu za mankhwala opopera mbewu nazonso zambiri n'za nambala 2, ndipo m'dera la minda ya tiyi ndi madimba lino zimapezeka m'makomo. Mankhwala amalowerera m'pulasitiki, sopo sachotsa, ndipo asidi wa masamba osasa amawatulutsa n'kuwasakaniza ndi chakudya. Chigubu kapena ndowa yomwe simudziwa kuti munali chiyani, kapena munali penti, dizilo ngakhale sopo wochapira, musaiyese dala. Yokandikakandika m'kati nayonso ayi, chifukwa m'mikwasomo mumabisala tizilombo toola. Ndowa yamalata ndi poto wa aluminiyamu zimadyeka ndi asidi, masamba n'kuda.

Tsukani ndowa ndi sopo, tsukuluzani kawiri, thiranimo madzi otentha ngati ndi ya nambala 2 kapena 5, kenako iume yokha mozondotsa.

Kwa kabichi, mchere uyezedwe pa sikelo: magalamu 20 mpaka 25 pa kilogalamu imodzi ya kabichi woduladula. Popanda sikelo, ndi pafupifupi supuni yaikulu imodzi ndi theka, yosasefukira. M'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala tsatani muyezo wa 25. Ndowa ya malita 5 imalowa makilogalamu atatu kapena kuposerapo pang'ono. Dulani kabichi mopyapyala, wazani mchere, fikisani ndi manja oyera kwa mphindi 10 mpaka atayamba kutulutsa madzi. Ikani m'ndowa pang'onopang'ono mukutsindira ndi chibakera kuti mpweya utuluke, madzi ake akwere pamwamba. Kambuzi awiri kapena atatu ndi karoti wopalapala zimakometsa. Siyani mpata wa zala zinayi kukamwa, chifukwa zikayamba kusasa zimafufuma.

Karoti woduladula, zitheba, nkhaka ndi anyezi wamng'ono sizitulutsa madzi okwanira. Izi muzithire madzi a mchere: magalamu 50, kapena masupuni aakulu atatu, pa lita imodzi. Madziwo awire kaye n'kuzizira, makamaka ngati ndi a pampopi kapena munathiramo klorini, popeza klorini amafooketsa tizilombo tabwino tomwe timasasitsa.

Pomwe ambiri amaphonya ndi apa: masamba onse amire. Tizilombo tosasitsa timagwira ntchito mopanda mpweya, pomwe chuku chimafuna mpweya, ndiye kachidutswa kamodzi koyandama kakhoza kuononga ndowa yonse. Phimbani pamwamba ndi tsamba lathunthu la kabichi, ikani kambale ka galasi, n'kutsindira ndi jumbo yatsopano yodzaza madzi a mchere omwe aja, yomanga bwino. Madzi a mchere osati wamba, kuti ikabooka isasungunule mchere wa m'ndowa. Mwala wosalala wa kumtsinje, wotsuka ndi kuwiritsa, umagwiranso ntchito.

Chivindikiro muchiike koma musachitseke kotheratu masiku oyamba. Pofika tsiku lachiwiri kapena lachitatu mudzaona thovu, madzi n'kuchita mbuu, pamenepo zayamba. Ngati ndi botolo lotseka mopota, masulani pang'ono tsiku lililonse, apo ayi limatupa ndi kutayikira. Ikani pamthunzi, pansi pozizira, kutali ndi mbaula ndi dzuwa, lomwe limafooketsanso pulasitiki. Kutentha kwa madigiri 18 mpaka 22, monga m'nyengo ya Juni ndi Julayi, ndiko kwabwino, ndipo kabichi amatenga masabata atatu kapena anayi. Kukatentha zimasasa msanga koma zimafewa, choncho yambani kulawa pakatha masiku asanu, ndi supuni yoyera.

Kamkoko koyera kopyapyala pamwamba ndi yisiti. Kayengululeni, muonetsetse kuti zonse zamira. Chuku chaubweya chakuda, chobiriwira kapena chofiirira, fungo loola, ndi masamba otelera ngati therere zikutanthauza kuti mchere unachepa, kunatentha kwambiri kapena mpweya unalowa. Tayani zonse osalawa.

Njira ya viniga ndi yachangu. Onani pa botolo kuti walembedwa 5%, womwe ndi muyezo wa asidi wake. Sakanizani kapu imodzi ya viniga ndi kapu imodzi ya madzi, theka la supuni ya mchere ndi shuga mmene mungakondere, wiritsani m'poto wa chitsulo chosachita dzimbiri, osati wa aluminiyamu, dikirani azizire, kenako thirani pa masamba mpaka amire. Madzi asapose viniga, chifukwa asidi ndiye amaletsa tizilombo toyambitsa botulism, matenda oopsa ochokera m'chakudya, kukula. N'chifukwa chakenso popanga achali ya mango aawisi musadalire mafuta okha, makamaka mukaikamo adyo. Tsabola ndi binzali zimasiya mtundu ndi fungo m'pulasitiki, ndiye ndowa ya achali ikhale ya achali basi.

Pulasitiki siwiritsidwa ili yotseka ngati galasi, choncho za m'menemo si zosunga chaka. Zikasasa mokwanira, pakulirani m'timabotolo ting'onoting'ono, madzi ake aphimbe pamwamba. M'firiji kabichi wosasa amakhala miyezi ingapo, za viniga pafupifupi mwezi. Popanda firiji pangani zochepa zoti zithe m'sabata imodzi kapena ziwiri.