Timizere ta netiweki tadzaza koma mawu akufika mochedwa: momwe mungapezere pamene intaneti yapakhomo ikuchedwera

Cha m'ma 7 koloko madzulo kuno ku Salima, m'nyumba zambiri mumakhala wina amene akuimbira m'bale wake wa ku Joni pa WhatsApp. Wakuno afunsa kuti "Mwaswera bwanji?", kwinako kuli zii. Abwereza funso lija, ndipo nthawi yomweyo yankho loyamba litulukira, mawu n'kugundana. Onse akhala chete kudikirana, kenaka onse ayamba kuyankhula pamodzi. Mukayang'ana pa rauta, kabokosi kogawa Wi-Fi kaja, timagetsi tonse tayaka, bandulo ndi yogula m'mawa womwewu.

Zikatere, ena amathamangira kukagula bandulo yokulirapo, ena simu khadi ya kampani ina, ena rauta yatsopano. Zimandiwawa kuona ndalama zovuta kupeza zikutayika chonchi munthu asanapime n'komwe kuti vuto lagona pati. Kupimako n'kwaulere, ndipo kumangofuna theka la ola ndi pepala lolembapo manambala.

Tiyambe tasiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Liwiro, lomwe amaliyeza mu Mbps, ndi kuchuluka kwa katundu amene njira yanu ingapititse pa sekondi imodzi. Kuchedwa, komwe akatswiri amati latency pomwe anyamata a masewera a pa intaneti amangoti ping, ndi nthawi imene uthenga umodzi umatenga kupita ndi kubwerako. Amaiyeza mu mamilisekondi, ms mwachidule, ndipo 1,000 ms ndi sekondi imodzi. Lole yonyamula matumba a mpunga wa ku Lifuwu imasenza zambiri kuposa njinga yamoto ya kabaza, koma mukafuna kutumiza mawu n'kulandira yankho msanga, mumatuma wakabaza. Kanema wa pa YouTube amafuna lole, chifukwa akangoyamba kusewera, kuchedwa kwa theka la sekondi simukuzindikira. Kuimba foni, msonkhano wa pa Zoom ndi masewera zimafuna wakabaza. Bungwe la ITU, loona za matelefoni pa dziko lonse, limalangiza kuti mawu asamatenge nthawi yopitirira 150 ms kuchoka pakamwa pa woyankhula kufika kukhutu kwa womvera. Akapitirira kwambiri pamenepo, kugundana kwa mawu kuja kumayamba.

Uthenga wanu umadutsa magawo atatu: kuchoka pa foni kapena laputopu kufika pa rauta, kuchoka pa rauta kufika pa nsanja ya netiweki, ndi kuchoka pa nsanjayo kupita kunja. Tipima gawo lililonse palokha, komanso mzere umene umapangika njira ikadzaza.

Choyamba: m'nyumba momwemo

Pa kompyuta ya Windows, dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani cmd, n'kudina Enter. Pa zenera lakuda limene litseguke lembani ipconfig ndipo fufuzani mzere wolembedwa Default Gateway. Nambala imene ili pamenepo ndi adiresi ya rauta yanu. Marauta ambiri a Huawei amakhala ndi 192.168.8.1, ena 192.168.0.1 kapena 192.168.1.1. Tsopano lembani ping -n 50 n'kutsatiza nambalayo, mwachitsanzo ping -n 50 192.168.8.1. Kompyuta itumiza timauthenga 50 ku rauta, ndipo pomaliza ikuonetsani Minimum, Maximum, Average ndi chiwerengero cha timauthenga totayika. Amene alibe kompyuta angagwiritse ntchito pulogalamu ya pa foni ngati Fing, yomwenso ili ndi ping. Musadere nkhawa bandulo, kupima uku sikutuluka n'komwe m'nyumba.

Pa chingwe cha Ethernet yankho liyenera kukhala 1 ms kapena kucheperapo. Pa Wi-Fi yabwino limakhala pansi pa 10 ms. Mukaona manambala akudumphadumpha, pano 4, pano 180, kapena mawu akuti Request timed out, dziwani kuti vuto lili m'nyumba mwanu ndipo kampani ya netiweki ilibe mlandu.

Zochita zake n'zosavuta. Chotsani rauta kuseri kwa TV kapena pansi pa tebulo, muiike pamwamba poonekera. Makoma a njerwa zootcha, firiji ndi malata zimafooketsa Wi-Fi kwambiri. Ngati rauta ili ndi Wi-Fi ya mitundu iwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, lumikizani zipangizo za chipinda chomwecho pa 5 GHz, ndipo 2.4 GHz muisiyire za kutali, chifukwa imapyola makoma bwino koma ndi yodzaza: masipika a Bluetooth ndi marauta a anzanu oyandikana nawo amadutsa momwemo. Amene mumakhala pa mdadada wa nyumba za lendi kapena pafupi ndi mashopu a pa Kamuzu Road, lembani adiresi ya rauta ija mu burawuza, lowani ndi pasiwedi yolembedwa kunsi kwa rauta, ndipo pa 2.4 GHz yesani chanelo 1, 6 kapena 11, kubwereza ping pa iliyonse. Zitatuzi ndi zimene sizipondana. Muli momwemo, onani mndandanda wa zipangizo zolumikizidwa. Mukapeza mafoni 9 pomwe m'nyumba muli anthu anayi, pasiwedi yanu yayenda m'mudzi, isintheni. Koma laputopu yogwirira ntchito, ngati n'kotheka, ingoilumikizani ndi chingwe. Palibe chanelo yoposa chingwe.

Chachiwiri: mzere wa pachigayo

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwepo, chifukwa m'nyumba zambiri zimene ndathandizako vuto linapezeka pano, ndipo anthu sakuganizirako n'komwe.

Zimitsani Wi-Fi pa mafoni onse, patsale kompyuta yanu yokha. Lembani ping -t 8.8.8.8, yomwe ndi adiresi ya Google, kapena 1.1.1.1 ya Cloudflare. Chilembo cha t chimachititsa kuti ping isaime mpaka mutadina Ctrl ndi C. Isiyeni mphindi imodzi, mulembe pa pepala nambala imene ikubwera kawirikawiri. Kenaka, ping ikadali kuyenda, yatsani foni imodzi n'kutumiza kanema wamkulu kwa munthu wina. Yang'anani manambala aja. Ngati achoka pa makumi angapo kufika pa mazana, kapena kupitirira 1,000, mwalipeza vuto.

Chimachitika n'chofanana ndi pachigayo. Inu mwabwera ndi kambale ka chimanga, koma patsogolo panu pali munthu wa matumba khumi, ndipo wapachigayo amagaya motsata mzere. Rauta ndi zipangizo za kampani zimasunga katundu wochuluka pa mzere njira ikadzaza, ndipo mawu anu, ang'onoang'ono koma ofulumira, amaima kumbuyo kwa kanema uja. Akatswiri amati bufferbloat. Imavuta kwambiri potumiza zinthu kusiyana ndi polandira, chifukwa njira yotumizira nthawi zambiri imakhala yopapatiza.

Kwathu ndinavutika nazo milungu iwiri. Madzulo aliwonse msonkhano wanga wa pa intaneti unkangodukaduka, ndipo ndinali nditatsimikiza kale kuti ndi netiweki. Nditapima ndinapeza kuti foni ya mphwanga, akangofika kuchokera kusukulu n'kulumikiza Wi-Fi, inkayamba yokha kutumiza makanema a chinkhoswe kumalo osungira zithunzi pa intaneti. Mwanayo sankadziwa kanthu. Foni imaganiza kuti Wi-Fi iliyonse ndi yaulere, sidziwa kuti kuseri kwake kuli bandulo ya pa simu khadi.

Choncho tengani foni iliyonse ya m'nyumba, imodziimodzi. Mu Google Photos zimitsani backup, kapena muziyatsa usiku anthu atagona. Mu Play Store letsani mapulogalamu kudzikonza okha. Pa WhatsApp letsani kutsitsa makanema popanda kufunsa, makamaka kwa amene ali m'magulu ambiri a kumpingo ndi a kumudzi. Pa Windows pitani ku Wi-Fi yanu n'kuyatsa Metered connection, kuti kompyuta ichepetse kutsitsa zinthu mwa yokha. Phindu lake ndi lapawiri, chifukwa bandulonso imakhalitsa.

Ngati rauta yanu ili ndi gawo la QoS kapena SQM, lomwe limayendetsa mzere uja, ligwiritseni ntchito. Pimani liwiro lanu madzulo, nthawi imene limatsika, ndipo ikani malire pa 85 kapena 90 peresenti ya nambala imeneyo, kotumiza ndi kolandira komwe. Zimaoneka ngati mukudzimana, koma mukatero mzere umapangika pa rauta yanu, pomwe mungaulamulire, ndipo wakambale uja amaloledwa kudutsa. Marauta ambiri obwera ndi simu khadi alibe gawoli. Ena amalola kuchepetsa liwiro la chipangizo chimodzichimodzi, ndipo ngakhale zimenezo zimathandiza. Amene safuna zenera lakuda lija angatsegule fast.com, kudina Show more info, n'kuyerekeza Unloaded ndi Loaded. Kusiyana kwakukulu pakati pa manambala awiriwo ndi mzere womwe uja. Koma tsambali limadya bandulo, musalibwereze kakhumi.

Chachitatu: pakati pa rauta ndi nsanja

Ngati ping ya ku 8.8.8.8 ndi yoipa ngakhale muli nokha pa chingwe, tiyang'ane netiweki yeniyeniyo. Timizere ta pa rauta musatikhulupirire kwambiri. Lowani pa tsamba la rauta, pa gawo lofotokoza za chipangizo, mufufuze RSRP ndi SINR. RSRP imaonetsa mphamvu ya netiweki: ya -80 dBm ndi yamphamvu, -100 yayamba kufooka, -110 ndi yovutikira. SINR imaonetsa ngati mawu a nsanja akumveka bwino pakati pa phokoso: yopitirira 13 ndi yabwino, yoyandikira 0 ndi yoipa. Netiweki ikafooka, timauthenga timatumizidwa kawirikawiri tisanafike, ndipo kubwereza kulikonse ndi nthawi yotayika.

Nyamulani rauta ndi chingwe chachitali cha magetsi, muiyese pa zenera lililonse la nyumba, kudikira mphindi imodzi n'kulemba manambala. Nthawi zina kusuntha mita imodzi yokha kumasintha zinthu. Pansi penipeni pa denga la malata si pabwino. Chenjezo langa kwa ife a kunyanja ndi dzuwa: zenera limene lili ndi netiweki yabwino likhoza kukhala lomwe limawomba dzuwa masana onse, ndipo ndi kutentha kwa mu Okutobala rauta imatentha n'kuyamba kufooka kapena kuzima yokha. Itchingireni mthunzi, musaivundikire nsalu yokongoletsa, ndipo musaisanjike pa dikoda.

Pa tsamba lomwelo pali Network mode. Ikakhala pa Auto, rauta imatha kutsikira ku 3G, komwe kuchedwa kumakhala kwakukulu. Ngati 4G imafika kwanu, sankhani 4G only n'kupimanso. Ikakana kulumikiza, bwezerani pa Auto. Kwa amene muli kutali ndi boma, ngati ku Thavite kapena kupitirira Khombedza, mlongoti wakunja woloza ku nsanja ndiwo ungathandize, bola rauta yanu ikhale ndi polumikizira pake. Nyengo ya mvula muziuchotsa pa rauta kukamachita ziphaliwali. Musanagule kalikonse, bwerekani simu ya kampani ina, kaya ndi TNM kaya Airtel, muyese malo omwewo pa ola lomwelo. Imene ili bwino ku Senga Bay siingakhale yomweyo ku Chipoka, zimatengera nsanja imene ili pafupi nanu ndi kuchuluka kwa anthu pa iyo.

Amene muli ndi Starlink, yomwe inafika m'dziko muno mu 2023, mdani wanu wamkulu ndi mitengo ya mango. Masetilaiti ake amayenda pamtunda wa makilomita pafupifupi 550, ndipo nthambi imodzi yotchinga thambo imadula kulumikizana kwa masekondi angapo nthawi ndi nthawi. Pulogalamu yake ya pa foni imaonetsa mbali yotchingidwa.

Zinthu zitatu mwachidule. VPN, pulogalamu yobisa zimene mukuchita pa intaneti, nthawi zambiri imazungulitsa uthenga wanu ku dziko lina, choncho izimitseni popima. Kusintha DNS, yomwe imasandutsa dzina la tsamba kukhala adiresi yake, kungafulumizitse kutseguka kwa tsamba, koma sikuchiza mawu ochedwa pa foni. Ndipo kuzimitsa rauta n'kuyatsanso n'kosiyana ndi kudina kabowo ka Reset, komwe kumafufuta zonse kuphatikizapo APN, yomwe imalumikiza simu khadi ku intaneti, ndi pasiwedi yanu.

Zimene sizili m'manja mwanu

Kuwala m'chingwe cha faiba kumayenda makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi, kutanthauza kuti makilomita 1,000 alionse amawonjezera 10 ms kupita ndi kubwera. Johannesburg ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,500 kuchokera ku Lilongwe, London pafupifupi 8,000, ndipo zingwe siziyenda mowongoka. Dziko lathu lilibe doko la kunyanja yamchere, choncho intaneti yathu imadutsa m'maiko oyandikana nawo kukakumana ndi zingwe za pansi pa nyanja m'malo ngati Dar es Salaam ndi Maputo. Mu Meyi 2024 zingwe za EASSy ndi SEACOM zitaduka, intaneti inavuta m'maiko angapo a chigawo chino kuphatikizapo Malawi, ndipo panalibe rauta imene ikanakonza zimenezo. Anyamata a masewera, ngati pali mwayi wosankha seva, sankhani ya ku South Africa osati ya ku Ulaya.

Kwinako ndi kudzaza kwa nsanja. Pimani ping 6 koloko m'mawa, 1 koloko masana ndi 8 koloko usiku kwa masiku atatu, muli nokha pa rauta. Ngati m'mawa zili bwino, RSRP sinasinthe, koma usiku manambala akukwera, ndiye kuti anthu achuluka pa nsanja yanu. Onaninso ngati zimagwirizana ndi kuzima kwa magetsi m'dera lanu, chifukwa nsanja imodzi ikazima, mafoni onse amakhamukira pa yotsala.

Apa tsopano muli ndi chonena. Pa zenera lakuda lija lembani tracert 8.8.8.8, yomwe imaonetsa malo amene uthenga wanu ukudutsa, mujambule zimene zatuluka, n'kuimbira kampani yanu. Musangowauza kuti netiweki ikuvuta. Auzeni dera lanu, mtundu wa rauta, RSRP ndi SINR, ping ya ku rauta, ping ya m'mawa ndi ya usiku, komanso kuti munapima muli nokha pa chingwe. Pemphani nambala ya dandaulo lanu, muilembe pa pepala lija pamodzi ndi tsiku. Pakadutsa nthawi popanda yankho, nambala imeneyo ndi pepala la manambala ndi zimene mupite nazo ku MACRA, bungwe loyang'anira makampani a zamauthenga m'dziko muno.