Kalembedwe ka nthano ya ana amene mayi awo akudwala maganizo

Ndimaphunzitsa giredi 6 kuno ku Chipata, ndipo nthano yotere ndinailembera ana a m'kalasi mwanga. Ngati mukulemba yanu, yambani ndi atsikana awiri apachibale, matenda a mayi awo abwere pambuyo. Wamkulu akhale wa zaka 12, wodzuka m'mbandakucha kukoleza mbaula ndi kuvundula phala. Wamng'ono azingofunsa kuti, "Asisi, amama adzuka liti?"

Mayiwo musawatche "amisala". Mawuwo muwaike m'kamwa mwa ana onyoza kumsika wa Kapata, kuti wowerenga amve kupweteka kwake. Mayiwo muwapatsenso masiku abwino: aziluka tsitsi la ana, aziseka, aziphika chiwawa chotendera. Ine poyamba ndinaiwala zimenezi, nthano inada bii.

Za ufiti musazibise, chifukwa agogo adzazitchula ndithu. Koma pakhale wamkulu mmodzi, kaya azakhali, wowaperekeza kuchipatala, ndipo anene momveka kuti ana sindiwo anayambitsa matendawa. Mankhwala asachize tsiku limodzi ayi.

Patsamba lomaliza lembanipo 116, nambala yaulere ya Childline muno m'Zambia. Mukamawerengera ana, musaloze aliyense chala.